Kuwoloka malire Lachisanu, kubwerera m'kalasi Lolemba: malangizo kwa amene akuphunzira kunja

Lachinayi madzulo uthenga walowa pagulu la WhatsApp la anzanu a m'kalasi: "Matikiti a basi atchipa, mawa tiyeni tikaone dziko loyandikana nafeli, tibwerako Lamlungu." Ambiri mwa anzanuwo ndi eni dziko, ndipo kwa iwo kuwoloka malire n'chimodzimodzi kupita tauni ina. Inu muli ndi pasipoti ya dziko lina ndi chilolezo cha sukulu, choncho malamulo amene akukhudzani ndi osiyana ndi awo. Ophunzira ambiri amagwa nayo pomwepa: amathamangira kugula tikiti, za mapepala n'kumadzafunsa ali kale pa siteshoni. Ena amapita bwinobwino, mavuto n'kuwadikirira pobwerera.

Ulendo wadzidzidzi ndi wotheka, ndipo kukonzekera kwake sikungakudyereni maola oposa awiri. Chofunika n'kuyambira kumapeto: tsimikizani kaye kuti mudzaloledwa kulowanso m'dziko limene mukuphunzira, zina zonse zibwere pambuyo.

Zoyenera kukhala nazo musanayambe

- Pasipoti yeniyeniyo. Chithunzi chake cha pafoni si pasipoti.
- Viza kapena khadi la chilolezo chokhalira m'dziko limene mukuphunzira.
- Khadi la sukulu, ndi kalata yotsimikizira kuti ndinu wophunzira chaka chino, yosindikiza kapena yosunga pafoni.
- Makhadi awiri a ndalama ngati muli nawo, kuphatikizapo ndalama zapamanja zochepa.
- Umboni wa inshuwalansi ya zaumoyo.
- Foni, chaja, batire yonyamula m'manja, ndi adaputala ngati masoketi akumeneko ndi amtundu wina. Mwachitsanzo, pulagi ya ku UK siilowa pakhoma ku France.
- Mankhwala amene mumamwa, ali m'mapaketi ake.
- Cholembera chimodzi. Zipata zina zimapatsabe mafomu olemba pamanja.
- Chikwama chimodzi chaching'ono chobereka kumsana.

Mapepala: apa musathamange

1. Werengani viza kapena chilolezo chanu, muone ngati chimalola kutuluka n'kulowanso.

Tsegulani tsamba limene anamatapo viza. Pali malo olembedwa kuchuluka kwa maulendo amene mungalowe. Pa viza ya mayiko a Schengen (gulu la mayiko a ku Ulaya amene anachotsa zipata pamalire a pakati pawo) pamakhala 1, 2 kapena MULT, kutanthauza kambirimbiri. Pa ya United States pamakhala M ngati ndi yolowera kambirimbiri. Ngati yanu ndi yolowera kamodzi, ndiye kuti mwayi wake wolowera unatha tsiku lija munafika. Mukatuluka kumene viza imeneyo imagwira ntchito, chitseko chimadzitseka kumbuyo kwanu, ndipo mungafunike kukapempha ina ku ofesi ya kazembe, mwinanso kwanu kwenikweni, maphunziro ali mkati.

Kenako onani tsiku lothera. Lisakhale Lamlungu lomwelo kapena Lolemba lotsatira. Basi ikachedwa usiku umodzi wokha, mudzafika pachipata ndi chilolezo chakufa.

Chenjezo: nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene mwapempha chilolezo chatsopano ndipo mukudikira yankho. Kapepala kamene amakupatsani kosonyeza kuti pempho lanu lalandiridwa kamakulolani kukhala m'dzikomo, koma si kulikonse kumene kamalola kutuluka ndi kulowanso. Ku UK, mukatuluka m'dera la UK, Ireland, Channel Islands ndi Isle of Man pempho lowonjezera viza lisanayankhidwe, amalitenga ngati mwalichotsa nokha. Ngati muli pa nthawi yodikirayi, khalani pansi. Dziko loyandikanalo silisamuka, mudzapita mwezi wamawa.

Amene akuphunzira ku United States pa viza ya ophunzira ya F-1 ali ndi chinthu china choti aone: fomu ya I-20, imene sukulu imapereka, iyenera kukhala ndi siginecha ya ulendo yochokera ku ofesi ya ophunzira akunja, ndipo siginechayo imagwira ntchito kwa miyezi 12. Ofesi zimenezi sizitsegula Loweruka, ndiye ngati yanu inatha, muli ndi Lachisanu m'mawa lokha.

2. Fufuzani zimene dziko mukupitalo likufuna kwa munthu wa pasipoti ngati yanu.

Mnzanu akanena kuti "kumene kuja safunsa viza", mufunseni kuti ali ndi pasipoti ya dziko liti. Lamulo limatsata pasipoti, silitsata sukulu kapena kumene mukukhala. Onani pa webusaiti ya boma la dzikolo kapena ya ofesi ya kazembe wake. Ina yothandiza ndi IATA Travel Centre, imene imagwiritsa ntchito nkhokwe ya malamulo yomwe makampani a ndege amaonapo asanakulowetseni mundege.

Ku Ulaya ndi kumene anthu amasokonezeka kwambiri, chifukwa pali magulu awiri osiyana: European Union ndi dera la Schengen. Ngati muli ndi khadi lokhalira kapena viza ya nthawi yaitali ya dziko limodzi la Schengen, mungathe kuyenda m'mayiko ena a Schengen masiku osapitirira 90 pa masiku 180 alionse, mutanyamula pasipoti ndi khadilo. Wophunzira ku Germany angathe kukagona ku Prague kapena ku Amsterdam popanda viza ina. Switzerland ndi Norway sali mu European Union koma ali mu Schengen, choncho nakonso mungapite. Ireland ali mu European Union koma sali mu Schengen: khadi lanu la ku Spain silikulowetsani ku Dublin ngati pasipoti yanu imafuna viza ya Ireland. UK sali m'gulu lililonse mwa awiriwa. Wophunzira ku London amene pasipoti yake imafuna viza ya Schengen sangangokwera sitima ya Eurostar kupita ku Paris, ndipo viza imeneyo nthawi zambiri imatenga masiku 15 kuti ituluke. Pamenepo ulendo wadzidzidzi palibe.

Chenjezo: kusakhalapo kwa chipata sikutanthauza kuti palibe lamulo. Basi yochokera ku Belfast kupita ku Dublin imawoloka malire popanda mpanda kapena chikwangwani chachikulu, mungangozindikira poona kuti zikwangwani za liwiro zasintha kuchoka ku mailosi kupita ku makilomita. Komabe munthu amene amafunika viza ya Ireland akawoloka alibe, waphwanya lamulo, ndipo apolisi nthawi zina amaimitsa mabasi amenewa n'kuona mapepala.

3. Yang'anani pasipoti yokha.

Zinthu zitatu: tsiku lothera, masamba opanda kanthu, ndi mmene ikuonekera. Mayiko ambiri amafuna kuti pasipoti ikhale itatsala ndi miyezi 6. A Schengen amafuna miyezi 3 kuchokera tsiku limene mudzatuluke, komanso ikhale yoperekedwa m'zaka 10 zapitazi. South Africa amafuna masamba awiri opanda chidindo. Pasipoti yonyowapo, yong'ambika tsamba la chithunzi kapena yomatuka chikuto angathe kuikana ngakhale masiku ake akadalipo. Ngati mukudutsa m'dera limene muli matenda a yellow fever, ikani khadi lachikasu la katemera mkati mwa pasipotiyo. Katemerayu amayamba kuwerengedwa patapita masiku 10 chibayireni, ndiye wa dzulo sakuthandizani.

Masitepe atatuwa akakhala bwino, tsegulani tsamba la matikiti. Limodzi likakanika, auzeni anzanuwo adzakutumizireni zithunzi.

Matikiti ndi pogona

4. Sankhani ulendo wobwerera musanasankhe wopita.

Lamlungu mabasi ndi sitima zimakhala zochepa, ndipo madzulo ake aliyense amakhala akubwerera, choncho mipando imatha msanga ndi mitengo imakwera. Pezani kaye wobwerera, ndipo musatenge womaliza wa tsikulo. Tengani umene kumbuyo kwake kwatsala umodzi kapena iwiri, kuti ukakuthawani mukhale ndi pogwira. Ngati Lolemba m'mawa muli ndi mayeso kapena kalasi imene amalemba maina a obwera, bwererani Lamlungu masana. Ndege ya Lolemba m'bandakucha ndi njuga, ndipo m'mayiko ena sukulu zimayenera kudziwitsa boma wophunzira wa viza akamajomba.

Werengetsani maola moona mtima. Kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Lamlungu madzulo ndi maola pafupifupi 48. Ulendo wa maola 11 kupita ndi 11 kubwerera wadya kale pafupifupi theka. Malo amene mungafike pa maola 4 kapena 5 ndi amene amakoma.

Chenjezo: tikiti ya ndege yotchipa imabisa ndalama zina. Onani bwalo limene ndegeyo ikukatera. Bwalo la Beauvais limatchulidwa ndi dzina la Paris koma lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera mumzindawo. La Hahn limatchulidwa ndi Frankfurt koma lili makilomita oposa 100. Basi yochokera kumeneko imafuna ndalama ndi nthawi yake. Onaninso kukula kwa chikwama chololedwa mwaulere, chifukwa chikapyola amakulipiritsani pakhomo lolowera mundege, ndipo mtengo wake umatha kuposa wa tikitiyo. Ngati mukusintha basi kapena ndege panjira, onani dziko limene mukusinthiralo: nalonso lingafune viza.

Polemba dzina pa tikiti, koperani monga lilili mu pasipoti, chilembo ndi chilembo.

5. Sungitsani malo ogona, ngakhale a usiku woyamba wokha.

Maganizo oti "tikaona komweko" amathera pa benchi ya siteshoni. Komanso pachipata angakufunseni kumene mukukagona, ndipo adilesi yeniyeni imafupikitsa mafunso. Onani nthawi imene malowo amasiya kulandira alendo; mahositelo ang'onoang'ono ena amatseka ofesi usiku, pamene basi yanu ikufika cha m'ma 1 koloko. Lembani adilesi ndi nambala ya foni papepala. Ngati mukukagona kwa mnzanu, akutumizireni adilesi yake yonse, ndipo foni yake ikhale yotsegula nthawi imene mukuwoloka.

Ndalama, foni ndi thanzi

6. Dziwani ndalama imene amagwiritsa ntchito kumeneko.

Mayiko oyandikana sakhala ndi ndalama imodzi nthawi zonse. Kuchoka ku Germany, ku Poland mukapeza zloty, ku Czechia koruna, ku Denmark krone, ku Switzerland franc. Lowani mu apu ya banki yanu muone ngati khadi ndi lololedwa kugwira ntchito kunja, ndiponso kuti amadula zingati mukalipira kapena kutapa ndalama kumeneko.

Chenjezo: makina a ATM kapena olipirira akakufunsani kuti akuwerengereni mu ndalama ya khadi lanu kapena ya dziko limene muli, sankhani ya dziko limene muli. Mukasankha ya khadi lanu, mwini makinawo ndi amene amaika mtengo wosinthira, ndipo kawirikawiri amakudyerani masuku pamutu. Malo osinthira ndalama a pa bwalo la ndege ndi pachipata nawonso mitengo yawo siikomera wogula. Sinthani zongokwanira basi ndi chakudya choyamba. Osintha ndalama oima m'mbali mwa msewu apewedwe: dzanja lawo limathamanga kuposa diso lanu.

Makhadi awiri aja musawaike pamodzi. Limodzi m'thumba, lina pansi pa chikwama, pamodzi ndi ndalama yokwanira tikiti yobwerera imene simuigwira zivute zitani.

7. Konzani foni mukadali pa Wi-Fi.

Funsani kampani ya foni yanu ngati bandulo yanu imagwira ntchito kumene mukupita. Mu European Union, kuyambira 2017, SIM ya dziko limodzi imagwira ntchito m'mayiko ena a gululi pa mtengo wa kwanu komwe. Switzerland sali m'pangano limeneli, ndipo anthu ambiri amadzidzimuka ndi bilu atangodutsamo pa sitima. Ngati bandulo siigwira ntchito, zimitsani data musanafike pamalire, chifukwa foni imatha kulumpha yokha n'kugwira netiweki ya kutsidya mukadali tsidya lino.

Tsitsani mapu a mzindawo oti muzionera popanda intaneti. Jambulani matikiti, adilesi ya pogona, tsamba la chithunzi la pasipoti, viza ndi khadi lokhalira mbali zonse ziwiri, n'kudzitumizira pa imelo. Musachotse SIM imene banki yanu imatumizirako manambala achinsinsi. Popanda iyo mungalephere kugula tikiti ina pa intaneti nthawi imene mukuifunitsitsa. Sungani nambala ya ngozi: mu European Union monse ndi 112, ku United States ndi ku Canada ndi 911.

8. Onani kumene inshuwalansi yanu imathera.

Inshuwalansi yambiri ya ophunzira imagwira ntchito m'dziko la sukulu lokha. Werengani gawo lonena za madera. Amene ali pa inshuwalansi ya boma m'dziko la European Union nthawi zambiri amakhala ndi khadi la EHIC, lothandiza kuchipatala cha boma m'mayiko ena a gululi, koma sililipira ulendo wokubwezani mukadwalika. Inshuwalansi ya ulendo ya masiku awiri kapena atatu imagulidwa pa intaneti m'mphindi zochepa. Muigule musananyamuke, chifukwa makampani ambiri salola kugula ulendo utayamba.

Mankhwala akhale m'paketi yake yokhala ndi dzina, osati m'kapepala kokulunga. Ena, monga a ululu okhala ndi codeine kapena tramadol, mayiko ena amawaletsa popanda kalata ya dokotala.

Tsiku la ulendo

9. Longedzani zochepa, ndipo uzani munthu mmodzi amene akutsala.

Zovala ziwiri zosinthira, chofunda chimodzi, nsapato zoyendera zimene mwavala kale. Pa ndege, mabwalo ambiri amafuna kuti zamadzimadzi za m'chikwama cha m'manja zikhale m'mabotolo osaposa mamililita 100. Mapepala onse akhale pathupi panu kapena m'kachikwama kamene simusiyana nako. Chikwama chachikulu chikalowa m'mimba mwa basi, pasipoti isalowe nacho. Muuzeni mnzanu wa m'chipinda kapena wachibale kumene mukupita, kumene mukagone ndi ola limene mukuyembekezeka kubwerera. Sukulu zina zimafuna kuti muzilembetsa mukamatuluka m'dziko. Zimatenga mphindi zisanu.

10. Pachipata, yankhani zimene mwafunsidwa basi.

Vulani mahedifoni ndi chipewa, foni muike m'thumba, ndipo musajambule. Mafunso amakhala omwewo: mwadzatani, mukhala masiku angati, mugona kuti, mubwerera liti. Yankhani mwachidule ndi moona: "Ndadzacheza, ndibwerera Lamlungu, tikiti ndi iyi, ndimaphunzira ku yunivesite yakuti." Nthabwala zisungeni. Akakudindirani, musachoke pawindo musanaone chidindo: tsiku likhale lolondola, ndipo muone masiku amene akupatsani. Pamalire a pamtunda nthawi zambiri pamakhala maofesi awiri, yotulukira dziko lino ndi yolowera dziko linalo, ndipo muyenera kudutsa onse awiri. Basi ikaima n'kutsitsa anthu, lowezani nambala yake ndi nkhope ya dalaivala. Mabasi amtundu umodzi amafanana usiku.

Ngakhale mkati mwa Schengen, kumene masiku ambiri basi imangodutsa osaima, mayiko amaloledwa kubwezeretsa chipikisheni kwa kanthawi. Germany inachita zimenezi pa malire ake onse a pamtunda mu Seputembala 2024. Wapolisi akakwera m'basi, eni dziko amatulutsa chitupa chawo, inu mumafunika pasipoti ndi khadi lokhalira, zonse ziwiri.

Chenjezo: musanyamulire munthu aliyense katundu powoloka, ngakhale kaphukusi kakang'ono ka mayi wachikulire wooneka wachifundo. Chimene chili m'manja mwanu ndi chanu pamaso pa lamulo. Samalaninso ndi zakudya: kulowa mu European Union kuchokera kunja ndi nyama kapena zamkaka n'koletsedwa, ngakhale zili mu sangweji ya pa ulendo.

11. Lamlungu, dzukani n'kuona nthawi ndi siteshoni.

Dziko loyandikana lingakhale ndi ola losiyana. Portugal ili kumbuyo kwa Spain ndi ola limodzi, UK kumbuyo kwa France chimodzimodzi. Nthawi yolembedwa pa tikiti ndi ya kumene mukukwerera. Ku Ulaya amasinthanso mawotchi Lamlungu lomaliza la Malichi ndi Lamlungu lomaliza la Okutobala, m'bandakucha. La Malichi ndi limene limasiyitsa anthu basi, popeza usiku umafupika ndi ola. Onaninso dzina la siteshoni, chifukwa mizinda ikuluikulu imakhala ndi angapo, ndipo imene munatsikira Lachisanu ingathe kukhala yosiyana ndi yomwe mukukwerera lero. Fikani kudakali mphindi 30 ngati ndi basi kapena sitima, maola awiri ngati ndi ndege.

Pasipoti ikatayika kumeneko

Pitani kupolisi tsiku lomwelo mukatenge lipoti. Kenako imbani ku ofesi ya kazembe wa dziko lanu. Maofesi amenewa nthawi zambiri satsegula Loweruka ndi Lamlungu, ndipo dziko lanu lingakhale lilibe ofesi m'dziko limene mwapitalo, choncho muyembekezere kukhala masiku ena. Chikalata chapangozi chimene amapereka nthawi zambiri chimakhala chokufikitsani kwanu, osati kusukulu. Lemberani ofesi ya ophunzira akunja imelo nthawi yomweyo, mutumize lipoti la polisi ndi zithunzi za mapepala zija munadzitumizira. Ngati khadi lokhalira munalisunga padera ndipo lapulumuka, nkhani imapepukako kwambiri. N'chifukwa chake mukafika pogona, ziwirizi zisagone m'thumba limodzi.

Zimene ambiri amalakwitsa

Kudalira mawu a mnzawo wa pasipoti ina. Iye sakunama, akunena za iye mwini. Safunsa anadya phula, koma wofunsa munthu wolakwika naye amadya lomwelo; funsani webusaiti ya boma kapena ofesi ya sukulu.

Kusiya pasipoti m'chipinda poopa kuitaya, n'kunyamula khadi lokhalira lokha. Khadilo palokha si chikalata choyendera.

Kusawerenga masiku. Maulendo a masiku atatu-atatu amaunjikana, ndipo pa lamulo la 90 pa 180 tsiku lolowa ndi lotuluka onse amawerengedwa athunthu.

Kubwereka galimoto osamuuza mwini kampani kuti muwoloka nayo malire. Makampani ambiri amafuna chilolezo cholembedwa, ndipo popanda icho inshuwalansi ya galimotoyo imafa mukangowoloka. Mayiko ena, monga Austria ndi Switzerland, amafunanso chiphaso cholipiriratu choyendera m'misewu ikuluikulu.

Kukwera sitima kapena thiramu (sitima yoyenda m'misewu ya mumzinda) ndi tikiti yosadinda. M'mizinda yambiri tikiti ya pepala imayenera kulowetsedwa m'kamakina musanakwere kapena mutangokwera, ndipo woyendera matikiti samva zoti ndinu mlendo.

Kusiya gulu lonse likudalira foni imodzi imene muli matikiti a anthu asanu. Batire yake ikatha pa siteshoni, kapena mwini wake akasochera m'tauni, gulu lonse limatsala likuyang'ana basi ikutuluka. Aliyense akhale ndi tikiti yake pafoni yake musananyamuke.